Duwa la Kuseri kwa Bafa

Temwa ankakhala ku Area 23. Kuseri kwa bafa yawo kunamera kamtengo. Palibe anakadzala. Kanangomera kokha.

Tsiku lina kanachita maluwa. Maluwa oyera, pakati pake pachikasu. Temwa anakakonda kwambiri.

Koma Amama sanakakonde.

"Dzina lake n'chiyani?" anafunsa Amama.

"Kaya," anatero Temwa.

"Mlongo wako Joel wayamba kukwawa. Chilichonse akuponya m'kamwa. Dzina likapanda kudziwika, Loweruka ndizula."

Temwa anayamba kufunafuna dzina.

Anapita kwa Adada. Adada anali mesenjala ku ofesi. Ankavala tayi ngakhale pothirira ndiwo zamasamba.

Adada anazimitsa wayilesi. Anavala magalasi. Anazungulira kamtengoko katatu. Kenako anatsokomola.

"Ili ndi duwa la azungu," anatero Adada. "Ndinaliona ku hotela ya ku City Centre."

"Dzina lake, Adada?"

"Ndi lalitali. Mwana sangalithe."

Temwa anapita kwa a Gwanda, a nyumba yoyandikana nayo. A Gwanda anabwera kudzaliona. Ananunkhiza tsamba.

"Awa ndi mankhwala a chifuwa," anatero.

"Dzina lake, Abambo?"

A Gwanda ananunkhizanso. "Kapena a dzino."

Temwa anapita kwa Mayi Mwanamisi, ogulitsa mandasi. Iwonso anabwera kudzaliona, koma anaimira patali.

"Iii, mwanawe! Limeneli limaitana njoka!"

"Ayi, limathamangitsa njoka," anatero a Gwanda.

"Azungu sadzala za njoka," anatero Adada.

Anakangana. Anakangananso. Mandasi anazizira. Duwa linangoti phee.

Temwa anagwira kumutu. La azungu? La chifuwa? La dzino? La njoka? Mayankho anali ambiri. Dzina panalibe.

Loweruka linafika. Amama anatenga khasu. Onse aja anabwera kudzaonerera.

"Dikirani, Amama!" anatero Temwa. "Ndilidzale m'chitini. Ndiliika pamwamba. Joel salifikira."

Temwa anagwada. Anakumba ndi manja, pang'onopang'ono. Chala chake chinagunda kanthu. Kanthu kozungulira. Kenako kena. Kenako kenanso.

"Mazira a njoka!" anakuwa Mayi Mwanamisi.

A Gwanda analumpha mpanda. Adada anaima kumbuyo kwa Amama, ati akonze tayi.

Temwa sanathawe. Anapukuta dothi. Anakanda ndi chikhadabo. Anayang'anitsitsa.

"Amama! Ndi mbatatesi!"

Amama anaponya khasu pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Paja makoko ndi zophukira ndimataya pompano," anatero Amama. "Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Kwathu ku Nkhata Bay timalima chinangwa. Mbatatesi ndimangoiona pamsika."

"Ndiye muzulabe?"

"Ayi. Timangira kampanda. Masamba ake Joel asadye."

Temwa anatenga zinayi zokha. Zinazo anakwiriranso bwinobwino. Duwa linatsala.

Masana Amama anakazinga tchipisi. Tizidutswa take tinali tochepa. Joel analandira kamodzi. Adada anatenga tokulirapo.

"Ine ndimadziwa kale," anatero Adada. "Ndimangokuyesani."

"Nanga dzina lalitali lija, Adada?" anafunsa Temwa.

Adada anatafuna. Anatafunabe.

"Temwa," anatero, "patse mchere."