Kachitini ka Azakhali a Edina

Tisiyenji ankakhala ku Kabudula. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona za m'kachitini ka azakhali ake.

Azakhali a Edina anali akazi a amalume a Edward. Anali achilendo pamudzi. Kwawo kunali kutali, ku Mozambiki. Chichewa ankachilankhula pang'onopang'ono.

Kachitini kawo kanali kofiira. Ankakatsegula ali okha. Ankanunkhiza. Kenako ankakatseka msanga.

"Kodi akubisa chiyani?" Tisiyenji ankadzifunsa.

Tsiku lina mlongo wake Yankho anayamba kutsokomola. Anatsokomola m'mawa. Anatsokomola masana.

"Ndi chimfine chabe," anatero amayi. "Kuchipatala atipatsa mankhwala."

Koma mtima wa Tisiyenji sunakhale pansi. Azakhali asanabwere, Yankho sankatsokomola. Kachitini kasanabwere, Yankho ankasewera.

M'mawa mwake azakhali anapita kukakumba mtedza. Tisiyenji anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Analowa m'nyumba mwawo monyang'ama.

Anatsegula kachitini kaja. Munali zinthu zakuda, zouma, zopotana. Sanali fodya. Sunali mfutso. Siinali mizu. Zinkanunkha ngati nsomba.

"Awa ndi mankhwala oipa," ananong'ona Tisiyenji. "Ndi amene akudwalitsa Yankho."

Anathamangira kumtsinje. Anakwera pamwala. Anakhuthula kachitini konse m'madzi.

Madzi anatenga zinthu zija. Zinapita. Kanatsala kanthu kamodzi kokha, katakodwa pamwala.

"Tisiyenji, watani?"

Anali azakhali. Anabwera kudzasamba m'manja. Anaona kachitini kopanda kanthu. Sanakalipe. Anangolowa m'madzi n'kutola kotsala kaja. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Ndi mankhwala, eti?" anafunsa Tisiyenji.

"Ayi, mwanawe. Ndi ndere."

Tisiyenji anapukusa mutu. Ndere ankazidziwa. Analoza pamwala.

"Ndere ndi izi, azakhali. Ndi zobiriwira. Ndi zoterera. Zili ngati tsitsi."

"Izo ndi za mumtsinje," anatero azakhali. "Izi ndi za m'nyanja yamchere. Bwera uone."

Tisiyenji anayandikira pang'ono. Kanthu kaja kanali katafewa. Sikanalinso kakuda. Kanali kofiirira. Kanali ndi nthambi ngati kamtengo.

"Gwira," anatero azakhali.

Tisiyenji anagwira ndi chala chimodzi. Kanali kolimba ngati mphira. Panthambi panali timipira ting'onoting'ono.

"Timipirati tili ndi mpweya," anatero azakhali. "Timathandiza ndere kuyandama. Finya kamodzi."

Tisiyenji anafinya. Kampira kanangoti thu. Palibe choipa chinatuluka.

"Tsopano lawa m'kachitinimu."

Pansi m'kachitinimo munali mutakakamira timiyala toyera. Tisiyenji anazengereza. Azakhali anayamba ndi iwo kulawa. Kenako iyenso analawa.

"Ndi mchere," anatero.

"Inde. Kwathu nderezi zimamera pamiyala. Madzi amachoka, ndere zimaoneka. Madzi amabwera, ndere zimabisika. Izi anandithyolera ndi amayi anga. Ndikawasowa, ndimanunkhiza."

Tisiyenji anazyolika. Anayang'ana kumene madzi anapita. Kunalibe kanthu.

"Pepani, azakhali. Ndimayesa mukudwalitsa Yankho."

Azakhali anamugwira dzanja.

"Ukanandifunsa," anatero. "Tiye. Tikayanike kotsalaka."

Anakayanika pakhonde. Tisiyenji anakalondera kuti nkhuku zisajomphe. Kanauma. Kanadanso bii.

Patapita masiku, chimfine cha Yankho chinatha. Anayambanso kuthamanga pabwalo.

Masana ena onse anakhala pamphasa. Ankathothola mtedza. Amayi analipo. Amalume a Edward analiponso.

Azakhali anatola kamtengo. Anajambula miyala pansi. Anajambula ndere. Anajambulanso madzi akuchoka.

"Kodi madziwo akachoka amapita kuti?" anafunsa Tisiyenji.

"Mawu ake a Chichewa sindinawadziwe," anatero azakhali.

Tisiyenji anasendera pafupi. Anakhala mowatsamira.

"Yambani, azakhali," anatero. "Pomwe mwasowa mawu, ine ndikuthandizani."