Dzina la Mayi Ng'oma Linkathera Panjira

Poti mwandithirira tiyi, ndikuuzeni nkhani. Nkhaniyi ndinaimva koyamba kwa Kaluluma, zaka zija za makuponi a feteleza, ndikuyendayenda pa njinga kukonza mawailesi. Anandiuza ndi Amosi, mnzanga amene anadziphunzitsa yekha za makompyuta. Iyeyu ankalemba mayina a alimi mu kaofesi ka kalabu ya fodya, kuseri kwa shopu ya a Sufiyan.

Kompyuta yake inali yakale, galasi lakuda bii, zilembo zobiriwira, yopanda chithunzi chilichonse. Pulogalamu yolembera mayina anaipanga yekha, koma inali ndi chilema chimodzi. Kamchira kam'mwamba kaja timalemba m'mawu ngati ng'ombe, makinawo akakaona ankayesa kuti mawu athera pomwepo. Ndiye mayi ena amasiye, a Feliya Ng'oma, dzina lawo linkatuluka "Feliya Ng". Tsiku loitana mayina, ogawa makuponi ankati munthu wotero kulibe. Zaka ziwiri mayiwo anabwerera chimanjamanja, chimanga chawo n'kufiira m'munda.

Chaka chachitatu, mndandanda unkayenera kupita kuboma m'mawa mwake. Amosi anatsalira mu ofesi dzuwa litalowa, batire la sola lili ndi moto wochepa. A Sufiyan anali atatseka shopu, apita kukaswali. Kunja kunali zii.

Anamva odi pa zenera. Osati pa chitseko.

Anali mayi Ng'oma, atafunda chitenje kumutu.

"Amayi, nthawi ino? Mwayenda ndi ndani?"

"Ndabwera kudzaona dzina langa, mwana wanga. Akuti makina akowa amalidya."

"Sadya lonse ayi, amangoluma kumapeto."

"Chaka chino akaluma, ine ndiluma iweyo," anatero uku akuseka chapansipansi.

Amosi anawatsegulira, n'kubwezera loko. Kwawo ndi ulendo wa maola atatu wapansi, koma kumapazi kwawo kunalibe fumbi. Mayiwo anakhala pa benchi. M'chipindamo munadzaza fungo la fodya wouma wa m'chigafa.

Amosi analemba dzinalo. Linaduka. Anadina batani lofufutira, koma m'malo mofufuta linangotulutsa tizizindikiro tachilendo, ^H^H^H, mzere wonse. Batire linayamba kulira.

"Kamchirako kamawadzidzimutsa makinawo," anatero mayiwo. "Bwanji osayamba wachita odi kasanalowe?"

Amosi akuti apo mpamene anakumbukira. Zinali zoona. Pali kamzere kopendekera kumbuyo kamene ukakaika patsogolo pa chizindikiro, makina amadziwa kuti chikubwerachi ndi chilembo wamba, si mathero. Anatsegula pulogalamuyo, n'kuiuza kuti iziyamba yaika kamzereko paliponse pamene pali kamchira. Kenaka analembanso dzinalo pang'onopang'ono.

"Batani lalikululo dinani ndinu, amayi."

Anatambasula chala chimodzi, chowonda, n'kudina. Dzina linatuluka lathunthu: Feliya Ng'oma.

"Ine kuwerenga sindidziwa. Lakwana?"

"Lakwana, amayi."

Amosi anawerama kuti atenge pepala pansi pa tebulo. Podzuka, benchi inali yokha. Loko anali chikhomere. Atagwira batani lija, linali lozizira ngati mwala wa kudambo.

Poyamba sanauze munthu. Tsiku loitana mayina litafika, dzinalo linamveka lonse pa bwalo, ndipo amene anavomera anali Vailet, mwana wawo. Atalandira kuponi anapita kwa Amosi kukathokoza.

"Amayi anafika bwino tsiku lija?" anafunsa Amosi.

"Tsiku liti, achimwene? Amayi mwezi wathunthu sanadzuke pamphasa. Ngakhale kulankhula anasiya." Anapinda kuponi m'manja. "Koma tsiku lina madzulo, ndikuwapukuta, anandidina pa mkono ndi chala, kamodzi kokha. Anati, 'Lakwana.' Ndinayesa akunena madzi."

Mayi Ng'oma anatisiya mvula isanagwe. Vailet anathira feteleza m'munda mwawo, ndipo chaka chimenecho pakhomopo sanagule chimanga. Nkhaniyo itamveka, ena pa malonda paja ankanong'ona kuti gogoyo ankauluka. A Sufiyan ankawaletsa. Ankati munthu amene wayenda njira imodzi zaka ziwiri kukapempha chinthu chake, mtima wake umatha kuiyenda wokha thupi likalephera.

Ine sindidziwa. Ndangokuuzani mmene anandiuzira Amosi. Tiyi wanu zikomo, koma wachiwiri musathire. Nyali ya njinga yangayi ndi yofooka, ndipo ndikufuna ndikagone ku Nkhamenya. Tandipatsirani chipewa changacho.