Banga la pa Mkono wa Kanjinga

Tsiku limenelo kunali mitambo yakuda. Mphepo inkamenyetsa zitseko.

Kanjinga anali mtsikana waliwiro. N'chifukwa chake ankamutchula Kanjinga. Koma tsiku limenelo sankathamanga. Anali ndi banga pamkono. Banga lofiira. Banga loyabwa.

Amayi ake anamwalira. Pakhomo anatsala awiri, iye ndi bambo ake. Bambo sankalankhula zambiri. M'kabati munali mafuta opaka amene amayi anasiya. Bambo ankamupaka mafutawo. Banga linkazilala. Kenako linkabweranso, lalikulu kuposa kale.

Kanjinga ankaopa chipatala. Amayi anapita kumeneko, osabwerako. Koma banga linafika pachigongono.

Bambo anavala jekete. "Tiye," anatero.

Kuchipatala kunali mabenchi ozizira. Kunkanunkha mankhwala. Kanjinga anagwira jekete la bambo. Analigwira zolimba.

Dokotala wa khungu anali mayi wa magalasi. Anayang'ana banga. Analiyang'ananso. Anati banga limeneli silikuoneka bwino. Anafunsa ngati anapakapo kanthu.

Bambo anayang'ana pansi. Sanafune kuti mafuta a amayi anenedwe.

"Timapaka mafuta a amayi," anatero Kanjinga chapansipansi.

Dokotala sanakalipe. Anati mafutawo anali a matenda ena. Pabanga ili ankangobisa matenda. Matendawo ankakula mobisala. Anapempha bambo kuti asiye kupaka. Bambo anagwedeza mutu pang'ono povomera.

Kenako dokotala anatenga kampeni. Kanjinga anabisa mkono kumbuyo.

"Mundisenda?"

"Ayi, mwanawe. Kodi ndiwe mbatata?"

Dokotala anapala pabanga pang'onopang'ono. Sizinapweteke. Tizikhungu touma tinagwera m'kabotolo. Anati kabotoloko kapita ku labotale. M'tizikhungumo muli tizilombo. Kachilombo kalikonse kali ndi kaulusi m'kati. Kaulusiko sikaoneka ndi maso. Makina amakawerenga. Akakawerenga, amadziwa mtundu wa kachilomboko.

"Ndigona kuno?" anafunsa Kanjinga.

"Ukagona kwanu," anayankha dokotala.

Anadikira. Masiku ankachedwa kutha. Popanda mafuta, banga linafiira kwambiri. Linkayabwa kwambiri. Kanjinga ankaopa. Bambo anayang'ana kabati. Koma sanaitsegule.

Tsiku lina anabwerera kuchipatala.

Dokotala anati makina awerenga. Chinali chipere. Koma chinali chipere chamakani. Sichinkamva mankhwala wamba.

"Chimapha?" anafunsa Kanjinga.

"Sichipha. Chimangochita makani."

"Ngati ababa," anatero Kanjinga.

Dokotala anaseka. Bambo anatsokomola.

Dokotala anawapatsa mapiritsi oyenera chiperecho. Anati Kanjinga amwe mpaka atamaliza. Kanjinga ankamwa tsiku lililonse. Bambo ankachapa zofunda zake m'madzi otentha. Ankaziyanika padzuwa.

Banga linachepa. Linachepanso. Kuyabwa kunaleka.

M'mawa wina Kanjinga anapinda malaya. Anafunafuna banga. Sanalipeze.

"Ababa, taonani."

Bambo anagwira mkonowo. Anautembenuza uku ndi uku. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Chapita," anatero.

Kenako anamunyamula paphewa, napita naye kusukulu.