Dzina Lachiwiri la Latifu

Latifu wa ku Chia ankasoka maukonde a eni ake. Zipani zitachuluka, mabungwe nawo anachuluka, ndipo anzake anayamba kuyenda pa njinga zamoto. Iye ankangotsala ndi fumbi lawo, singano ili m'manja. Umphawi unamutopetsa, nsanje nayo inamudya.

Tsiku lina anakwera matola kupita ku Dwambazi kwa sing'anga wotchedwa Sailesi.

"Mankhwala anga si mizu ayi, ndi dzina," anatero Sailesi. "Kuyambira lero ndinu Diso la Nyanja. Muzilemba makalata ku nyuzipepala ndi dzina limenelo, kuipitsa munthu. Akagwa, mwayi wake ubwera kwa inu."

"Basi zomwezo?"

"Dzinali limadya chaka ndi chaka, ndipo limafuna munthu wapafupi kuposa wa chaka chatha. Pakamwa panu lisadzatuluke. Likadzatuluka, lidzadya lanu lenileni."

Latifu anavomera. Kalata yoyamba inati a Tahiru, ogulitsa mpunga, amathiramo mchenga. Ogula anathawa, sitolo yawo inakhala ya Latifu. Yachiwiri inagwetsa mnzake wa ubwana, yachitatu mlamu wake. Kulemera analemeradi, koma nkhope inakalamba msanga.

Chaka chachinayi panalibenso wapafupi kuposa mkazi wake Madina, amene ankagawa mbewu m'bungwe lothandiza amasiye. Latifu analemba kuti Madina amaba mbewuzo, amazibisa pansi pa bedi lothyoka mwendo. Bedilo ankalidziwa anthu awiri okha. Madina anachotsedwa ntchito, koma wolemba kalatayo anamuzindikira.

Kenaka bungwe lija linafuna anthu atsopano oliyendetsa. Latifu anali nazo zonse, komabe mpandowo anaufuna. Pamsonkhano wa chisankho Madina anaimirira.

"Aliyense wofuna mpando atchule mayina onse amene amalembera m'nyuzipepala, Kurani kapena Baibulo lili m'manja."

"Iyayi mayi," anatero a Grey, mphunzitsi. "Tinavotera ufulu. Ena amabisa dzina chifukwa cha mantha, osati nkhanza. Mwaiwala kale mmene tinkakhalira?"

"Wamantha akhale pansi, sitimufunsa. Koma wofuna kusunga za amasiye timudziwe yense."

Anthu anaomba m'manja. Latifu akanatha kukhala pansi. Koma anayang'ana galimoto ya bungwe ili pansi pa mtengo wa mango, napita kutsogolo. Ankati anene kuti alibe dzina lina. Atagwira Kurani, bodza linakana kutuluka.

"Diso la Nyanja ndine," anatero.

Kenaka mlembi wa msonkhano anafunsa motopa, "Nanga dzina lanu lenileni, tilembe kuti chiyani?"

Latifu anatsegula pakamwa, osalipeza. Anayang'ana Madina kuti amukumbutse. Madina anakonza mpango wake n'kutuluka.

Chuma chinamwazika chaka chisanathe. Mpaka lero amayenda mumsewu wa ku Chia, kuimitsa anthu: "Pepani, ine ndine yani?" Ife tinatopa kumuyankha, poti tikamuuza amaiwala pomwepo.

Dyera ndi loipa, abale. Wolemera pogwetsa anzake mobisala amatsala wopanda m'bale, wopanda ngakhale dzina lomuitanira.