Chidindo cha Abwana

Anakumana Lolemba m'mawa pa boda ya Mchinji, mphepo itamulanda Felista mapepala a kasitomala. Anali atangoyamba kumene ntchito mu ofesi ina yothandiza amalonda kuolotsa katundu. Mnyamata wa shati yoyera anakwawira pansi pa thiraki n'kuwatola onse.

"Ndine Enoki, ndimapikula katundu ku Chipata," anatero akudzisasa fumbi. "Taonani shati yanga! Mundipepese ndi nambala yanu."

Felista anaseka, nambala n'kupereka.

Mameseji anayamba kubwera tsiku lomwelo. "Duwa langa, wadya?" "Mtima wanga, pokolola mtedza ndituma amalume kwanu ku Guilleme." Felista ankawawerenga kawirikawiri, akumwetulira yekha pa desiki. Ndani anamuyankhulapo chonchi chibadwire?

Patatha miyezi iwiri, Enoki anamudikira kuseri kwa ofesi nthawi ya nkhomaliro, envulopu ili m'manja.

"Kanthu kakang'ono, bebi. Thiraki yanga ikubwera Lachisanu. Ulembe kuti muli madeya okhaokha, udinde chidindo cha abwana ako, basi."

"Nanga muli chiyani?"

"Makatoni a mowa pansi pake. Palibe angaone."

"Enoki, akandigwira ndi ndende imeneyo!"

Nkhope ya Enoki inasintha. "Ndiye kuti sundikonda. Banja lathu tilimanga ndi chiyani, ndi malovu?"

Felista anatenga envulopuyo. Masiku awiri foni inkangolira. "Ngati umandikondadi, ndionetse." "Atsikana ena sakanachedwa chonchi." Akane, amutaye Enoki? Avomere, anamize abwana amene anamukhulupirira mpaka kumusiyira makiyi?

Lachinayi akugula nthochi pageti, mtsikana wogulitsayo anamugwira dzanja.

"Asisi, ndine Luwiza. Mpando mumakhalapo uja unali wanga. Envulopu wakupatsani kale?"

"Mwadziwa bwanji?" Felista anafunsa.

Luwiza anatulutsa foni yosweka galasi n'kumuonetsa. Nambala inali ya Enoki. Mawu ake omwe aja, osasintha ngakhale limodzi, kupatula kuti amalumewo ankati awatuma ku Dambe.

"Ine ndinadinda," Luwiza anatero motsitsa mawu. "Thiraki itagwidwa, anauza apolisi kuti sandidziwa. Ndinagona m'chitolokosi masiku anayi, ntchito inathera pomwepo. Bambo anga mpaka pano sayankhula nane."

Lachisanu Enoki anafika akuimba mluzu. "Duwa langa, zatheka?"

Felista anamupatsa envulopu. Enoki anatsegula, n'kupeza mapepala osalembedwa kanthu.

"Masewera anji amenewa?"

"Luwiza ukumudziwa?"

"Wamisala wa nthochi uja? Ndi nsanje chabe, bebi!"

"Ngakhale ndisanakumane naye, mtima unkandiuza kale. Sunandifunsepo n'kamodzi komwe kuti ndikagwidwa zindithera bwanji. Sindidinda, Enoki. Ndipo usandiimbirenso."

Enoki anamugwira mkono mwamphamvu. "Ukuganiza kuti ndani wina angakufune iwe?"

"Ndisiye, apo ayi ndikuwa! Apolisi ali apo."

Anamusiya. Anatsonya, n'kupinda envulopu yake, ulendo.

Felista anatsamira khoma, misozi ili chuchuchu. Inde ankamukonda, nanga abise? Malonjezo onse aja, anali atauza kale ndi mayi ake omwe!

Atadzutsa mutu anamuona Enoki ataima pakhomo la ofesi yachitatu, pomwe mtsikana wina, Linda, anayamba ntchito sabata yomweyo. Anali akumwetulira, akukonza kolala ya shati. Linda ankaseka, dzanja lili pakamwa.

Felista anapukuta misozi ndi chikhatho n'kuthamangira kugeti.

"Aluwiza, vundikirani nthochizo. Tengani foni yanu ija, tiyeni!"