Kakatoni pa Mita ya Mapiko

Nkhaniyi ndikuifotokoza monga anaifotokozera mwini wake, dokotala wa mano uja ali ndi kandege ka mipando iwiri. Sindithirapo mchere.

Tsiku limenelo anatseka chipatala chake msanga. Kumwamba kunali kutadzaza mitambo, ndipo mtima wake unali dyokodyoko. Kwa miyezi ingapo ankaphunzira kuuluka osaona kunja, kungodalira mamita a kutsogolo kwake, ndipo mitambo yotereyi ndi imene ankaidikira. Mkazi wake anamukumbutsa kuti mphunzitsi wake anaikidwa m'manda mwezi watha, wina sanapezeke. Iye anangoseka, nati abwera chakudya chisanazizire.

Malemuwo anali mkulu wanthabwala, ndipo dokotalayu ankamutchula kuti Achizula, poti amazula mano. M'thumba la malaya ankasungamo kakatoni kozungulira, kodula pa bokosi la sopo. Akafika m'mwamba ankamata kakatoniko mwadzidzidzi pa mita imodzi n'kunena kuti, "Imeneyi yafa, Achizula. Funsani zinzake."

Dokotala ananyamuka yekha dzuwa litangolowa. Analowa mumtambo. Dziko linasowa. Pawindo panali mbuu, kenako mdima. Anayamba kuimba mluzu ndi chimwemwe, poti mita ya mapiko, imene imasonyeza ngati ndege yapendekeka, inkati zonse zili bwino. Maso ake anangokakamira pa imeneyo, monga amachitira ophunzira.

Kenako mphepo inayamba kulira mokweza.

Anamva fungo la sopo.

Anawerama kuti akonze wailesi. Podzutsa mutu, anapeza pa mita ya mapiko patamatidwa kakatoni.

Anacheukira kumanja. Pampando panalibe munthu. Koma lamba wa mpandowo, amene anamusiya akulendewera, anali atamangidwa.

Dzanja linanyamuka kuti lichotse kakatoniko. Linaima panjira. Anakumbukira mawu aja, nafunsa zinzake. Kampasi, mita yosonyeza kolowera, inkazungulira. Mita yosonyeza kutalika inkatsika ngati madzi a m'ndowa yobooka. Liwiro linkangokwera. Thupi lake linkalumbira kuti wakhala mowongoka, koma mamita atatuwo ankanena chimodzi: ndege yagonera phiko lamanzere, ikulunjika pansi.

"Ambuye, ndigwireni dzanja," ananong'ona.

Anachepetsa mphamvu ya injini. Anawongola mapiko mpaka kampasi inaima. Anakoka chiwongolero pang'onopang'ono, mano ali gwa. Potuluka mumtambo, nyali ya ndege inawalira pa nsonga za mitengo, pafupi moti anaona masamba ake.

Anatera akuseka, misozi ili chuchuchu. Anakumbatira mlonda wa pabwalo la ndege, mlondayo osadziwa chifukwa chake. Kunyumba anapeza mkazi wake ali chiimire pakhomo, chakudya chitazizira kalekale.

M'mawa mwake makaniko anatsegula injini. Kapampu koyendetsa mita ya mapiko kanali katathyoka. Mitayo inkanama, ndipo dokotala akanaitsatira mphindi imodzi yokha, bwenzi tikunena zina. Kakatoni sikanapezeke paliponse. Pagalasi la mita panangotsala kamzere kozungulira ka zomatira.

Makaniko anakapukuta kamzereko. Masana ndi pamene ananong'oneza mlonda kuti tsiku la maliro a mphunzitsi uja anaona ndi maso ake mayi wamasiye akuika kakatoniko m'thumba la malaya a mwamuna wake, bokosi lisanatsekedwe.

Ena pabwalopo amati anamata yekha dokotalayo, mantha anamuiwalitsa. Ine sindiweruza. Mulungu amatuma amene wamufuna.

Dokotala anapeza mphunzitsi wina, ndipo mayeso anakhoza. Koma mpaka lero, akamauluka yekha, chikwama chake amachiika pansi. Mpando wa kumanja amausiya wopanda kanthu.