Khanda pa Chifuwa cha Amakanika

Mafunso anaima pawindo la chipinda cha ana obadwa masiku osakwana, mphuno itagunda galasi. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa pakamwa pake sipankatha mafunso, koma tsikuli anangoti kukamwa yasa! Mlongo wake, amene anabadwa dzulo lake, anali m'kabokosi kagalasi kotenthetsa ana. Abale inu, kuchepa kwake! Kamwendo kake kanali ngati chala cha munthu wamkulu. Mayi awo anali gone kuwodi ina, atafooka ndi opaleshoni.

Bambo ake anakhala pabenchi, ovololo ili thimbwirimbwiri ndi oyilo. Anthu ankangowatchula kuti Amakanika, chimunthu chamapewa aakulu chosadziwa mantha.

Namwino wamkulu anatuluka mofulumira. “Bambo a mwanayu ndinu? Kwabadwa kamwana kena kochepa kuposa wanu, ndipo sikakupuma bwino. Mabokosi onse adzaza, ndiye tikufuna kakagone m'mene muli wanumu.”

“Nanga wanga?” anafunsa Amakanika, atadzuka dzambatu.

“Wanu akupuma yekha bwinobwino. Vuto lake n'limodzi: thupi lake silinayambe kusunga kutentha. Akazizidwa kwambiri tingamutaye. Mayi ake sangathe kumunyamula lero, choncho tikufuna chifuwa cha munthu wina.”

“Ine ndilipo!” anatero Mafunso. Asanamalize n'komwe, anayetsemula.

“Ndi chimfine chimenecho? Ayi mwanawe, iwe uzionera pagalasi pompo.”

Namwino anatembenukira kwa Amakanika. Iwo anabwerera m'mbuyo, natambasula manja awo okhakhala aja.

“Mayi, taonani manjawa. Ine ntchito yanga n'kumasula mabawuti adzimbiri. Kamwana aka ndikangokakhudza, ndikathyola.”

Mafunso anachita mantha, chifukwa chibadwire anali asanaonepo bambo ake akuopa kanthu.

“Manjawo khalani nawo,” anayankha namwino. “Ife tikufuna chifuwa basi. Kasambeni ndi sopo, muvule zakumtundazo. Changu, bambo!”

M'chipindamo munali amayi angapo atakhala pamipando yotsamira, aliyense ali ndi khanda pachifuwa. Ataona chimunthu chikulowa chopanda malaya, anayamba kusekera m'manja.

“Takulandirani, amayi atsopano!” anatero mmodzi. “Mwachira bwino?”

Amakanika anasowa koyang'ana. Namwino anatulutsa khanda lawo m'kabokosi muja litangovala thewera ndi kachipewa kaubweya, naligoneka chamimba pakati pa chifuwa chawo, khungu kukhudza khungu. Anapendeketsa kamutu kuti lizipuma bwino, kenako anawamanga onse awiri ndi nsalu. Amakanika anangoti gwa ngati thabwa.

“Pumani, bambo. Mukomoka nawo mantha amenewa.”

Namwino atatuluka, Mafunso anamutsekera njira. “Anamwino, zimenezi zimathandizadi? Popanda magetsi, popanda mankhwala?”

“Thupi la bambo ako likumupatsa kutentha kwake. Akumvanso mtima ukugunda, monga ankamvera m'mimba mwa mayi ako, ndiye amakhazikika.”

“Nanga akapanda kufunda?”

Namwino anangomugwira paphewa n'kulowanso.

Patapita kanthawi, anaika kachipangizo koyezera kutentha m'khwapa mwa khanda. Atakayang'ana anapukusa mutu. “Akadali wozizira.” Anawonjezera bulangete.

Mafunso anamva mtima kuwawa. Koma anaona bambo ake akuweramitsa mutu pang'onopang'ono mpaka chibwano chinakhudza kachipewa kaja. Mapewa awo anafewa. Chikhatho chawo chimodzi chinaphimba kamsana konse, ndipo milomo yawo inayamba kugwedera. Ankaimba kodi? Ankapemphera? Amayi aja analeka kuseka.

Dzuwa litapendeka, namwino anayezanso. Anayang'ana kachipangizoko, nayang'ananso. Ndiyeno anabwera pawindo n'kukaonetsa kwa Mafunso, nkhope ili mwee.

“Wafunda!”

Mafunso anagwira pakamwa. Kadzanja kamene kanali kofumbata chibadwire kanatuluka pamwamba pa nsalu, kanatambasuka, n'kukhazikika pakhosi pa bambo ake. Ha! Iye ankaganiza kuti chipatala chimachiza ndi makina, jekeseni ndi mabotolo olendewera basi. Koma apa mlongo wake ankakhala moyo ndi kutentha kwa chifuwa chomwe chija chimene tsiku ndi tsiku chinkakwawa pansi pa magalimoto. Misozi inkatsika m'ndevu za Amakanika, ndipo sanaipukute, poopa kugwedeza mwana.

Namwino anatsegula chitseko pang'ono. “Bambo, mwagwira ntchito. Achemwali anu afika, asamba kale. Akulandireni, inu mukawongoleko msana.”

Amakanika anayang'ana kachipewa kaja kakukwera ndi kutsika pamodzi ndi mpweya wawo.

“Adikire kaye,” ananong'ona. “Wangogona kumene.”